Amphaka opanda mwini atitopetsa ku Tete

Ife a ku Matundo, ku Chingodzi ndi ku Josina Machel, tikakumana pampopi kapena mu chapa yowoloka mlatho wa Samora Machel, timayamba ndi kutentha, kenako mtengo wa makala, ndipo posakhalitsa nkhani imafika pa amphaka. Achuluka mumzinda uno, ndipo tatopa nawo.

Funsani amayi ogulitsa nsomba pamsika wa Kwachena. Chicoa wa ku Cahora Bassa, pende, kapenta, zonsezo amapikula ndi ndalama yovutikira, koma akangocheuka kuti apereke chenji, mphaka wathawa nayo nsomba. Kunyumba anapiye sakula. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo ambiri timayala mphasa panja, amphaka amachezera kulira ndi kumenyana pamalata mpaka mbandakucha.

Komatu amphakawa anachokera m'nyumba za anthu. Munthu amaweta mphaka kuti azimugwirira makoswe, koma akangoswa, ana aja amawaika m'thumba n'kukawataya kudzala kapena m'mphepete mwa Zambezi. Bere la mphaka ndi la miyezi iwiri yokha. Amatha kuswa kawiri kapena katatu pachaka, ana anayi kapena asanu nthawi imodzi, ndipo mwana wamkazi angatenge bere asanakwane n'komwe miyezi 6. Zinyalala zikagona masiku osatoledwa, mitu ya nsomba ndi mikute zili mbwee, angalekerenji kuswana?

Ena mwa anzathu amathira mankhwala a makoswe m'nsima n'kuika kuseri kwa nyumba. Amafa ndi galu wa apafupi, nkhuku, nthawi zina mbuzi, ndipo mitima imatiguguda tikaganiza za ana okwawa. Amphaka akatha pamalo, makoswe amalowa m'matumba a ufa, kenako amphaka ena amabwera kudzakhala pomwepo. Enanso amawagenda ponena kuti ndi a afiti. Zimenezi zimatiwawa. Kamphaka kowonda, maso ali manthongo okhaokha, kakunyambita matope a pampopi chifukwa cha ludzu, palibe amene kamulodza. Kali ndi njala basi.

Mantha athu aakulu ndi chiwewe. Bungwe la WHO limati pa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa agalu, koma mphaka nayenso amatha kupatsira. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro zikayamba kuoneka palibenso mankhwala.

Njira ilipo. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limabaya katemera agalu ndi amphaka, limafula aamuna n'kutseka aakazi kuti asaswenso. M'mizinda ina amagwira amphaka osokera, kuwachita opaleshoni, kudula kansonga ka khutu kuti azidziwika, n'kuwabwezera pamalo pawo, apitirize kugwira makoswe osachulukananso.

Akuluakulu a mzinda ndi madokotala a ziweto, tikupempha kuti pa 28 Seputembala, tsiku lolimbana ndi chiwewe padziko lonse, katemera afikire amphaka pamodzi ndi agalu, ndipo kufula kukhale pamtengo woti mayi wa pamsika angakwanitse. Zinyalala za m'misika zizichoka tsiku lililonse. Ndipo inu amene muli ndi mphaka kunyumba, lekani kudzatitayira ana ake kudera kwathu.