Ati ndi Aries, ndiye tipirire mwano

Pa msonkhano wina wapabanja, mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa ku koleji, anayankha azakhali ake mokhadzula pa nkhani ya mtundu wa chitenje cha pachinkhoswe. Tonse titamuyang'ana, iye sanagwetse nkhope. Anangomwetulira n'kunena kuti, "Amalume, musadabwe, ine ndine Aries. Ife sitibisa mawu." Azakhali aja anandinong'oneza kufunsa ngati Aries ndi mpingo watsopano. Ndinawayankha kuti ayi, ndi nkhosa yamphongo ya kumwamba. Anapukusa mutu n'kupitiriza kusankha chitenje chawo.

Inu awerengi mukudziwa kuti ana athu anayamba liti zimenezi. Foni ikawauza m'mawa kuti lero apeza mwayi wa ndalama, amachoka panyumba mosangalala ngakhale m'thumba mulibe ya minibasi. Zimenezo sizindipweteka. Chimene chinandibaya ndi chakuti mtsikanayu anabadwa pa 2 Epulo, ndipo m'dziko limene nkhani za nyenyezi amazitenga mwakuya kwambiri, ku India, munthu wobadwa tsiku limenelo dzuwa lake silili m'nkhosa ayi. Lili mu Meena, chizindikiro cha nsomba ziwiri, chimene openda nyenyezi akumeneko amati ndi cha anthu ofatsa, achifundo, osachedwa kukhetsa misozi. Ndiye mwano uja unachokera kuti?

Nkhani yake ili chonchi. Azungu amati dzuwa limalowa mu Aries pa 21 Marichi n'kutuluka cha pa 19 Epulo. Iwo amayambira kuwerenga pa tsiku limene usana ndi usiku zimalingana, osayang'ananso kuti kuseri kwa dzuwa kuli nyenyezi ziti. A ku India, m'maphunziro awo otchedwa Jyotisha, amatsata nyenyezi zenizenizo, ndipo kwa iwo dzuwa limalowa mu Mesha, nkhosa yawoyo, pa 13 kapena 14 Epulo n'kukhalamo mpaka pakati pa Meyi. Mawerengedwe awiriwa amakumana masiku ochepa okha a pakati pa Epulo. Ambiri amene amadzitama kuti ndi Aries, ku India ndi nsomba, ndipo ambiri amene amadziyesa Taurus, ng'ombe yodekha, kumeneko ndiwo nkhosa zogunda.

Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chomveka, ndipo ndi mbali yokhayo ya nkhaniyi imene wasayansi angaivomereze. Dziko lathuli likamazungulira limagwedezekanso pang'onopang'ono ngati nguli imene yayamba kutopa. Kugwedezeka kumodzi kumatenga zaka pafupifupi 26,000, ndipo kumasuntha malo a tsiku lolingana lija ndi digiri imodzi pa zaka 72 zilizonse. Mgiriki wina, Hipparchus, anazindikira zimenezi Yesu asanabadwe. Kalekale mawerengedwe awiri aja anali amodzi, koma lero atalikirana ndi madigiri pafupifupi 24, omwe ndi masiku pafupifupi 24 a ulendo wa dzuwa. Mpata umenewu a ku India amautcha ayanamsa, ndipo anakangana nawo kwambiri, mpaka boma litakhazikitsa komiti yokonza kalendala mu 1952, yotsogoleredwa ndi wasayansi Meghnad Saha. Muyezo umene ambiri amatsata lero umadziwika ndi dzina la N. C. Lahiri, mmodzi wa a m'komitiyo, ndipo umati mawerengedwe awiriwo analingana m'chaka cha 285. Taganizani, boma lathunthu kukhala pansi kuti ligwirizane poyambira pa nkhosa. Ife kuno timangokhulupirira chimene walemba mnyamata wina wa pa Facebook amene sitikumudziwa n'komwe.

Tsono Mesha weniweniyo amatanthauza chiyani kwa eni ake? Ndi chizindikiro choyamba mwa 12, cha moto, ndipo mwini wake ndi Mangala, pulaneti lofiira limene Azungu amati Mars, amene m'nthano za ku India ndi mkulu wa asilikali. A ku India amayerekeza thambo lonse ndi thupi la munthu mmodzi wamkulu, Kalapurusha, ndipo Mesha ndiye mutu wake. N'chifukwa chake amati wobadwira m'menemo amayamba zinthu ena akuganizabe, saopa, sakonda kulamulidwa, amapsa mtima msanga n'kuphwanso msanga, ndipo matenda ake amakonda kugwira kumutu. Dzuwa likakhala mu Mesha amati lili pachimake pa mphamvu zake, pomwe Shani, pulaneti la Saturn, loimira kuchedwa ndi kupirira, likalowamo limafooka kotheratu. Apa pokha ndinaseka, chifukwa ngakhale thambo likuvomereza kuti kupirira ndi phuma sizigona nyumba imodzi.

Koma ana athu amangotolapo zokoma: kulimba mtima, utsogoleri, kusabisa mawu. Varahamihira, katswiri wa ku Ujjain amene anakhalako m'zaka za m'ma 500, m'buku lake la Brihat Jataka sananyengerere munthu. Pofotokoza wobadwa mwezi uli mu Mesha anatchula kulimba mtima, inde, koma anawonjezapo mawondo ofooka, zikhadabo zoipa, chipsera pamutu, chuma chosakhazikika ndi kuopa madzi. Sindinamvepo mtsikana akunena kuti, "Pepani, ndalama zanu zija ndadya, mukudziwa ife a Aries chuma sichitikhalira." Koma dikirani, zikubwera.

Mwaona ndatchula mwezi, osati dzuwa. Apa ndi pamene foni imanamiza anthu kwambiri. Ku India ukafunsa munthu kuti rashi yake, kapena kuti chizindikiro chake, ndi iti, kawirikawiri amakuuza pamene mwezi unali pa nthawi imene ankabadwa, ndipo mwezi sukhalitsa, umadutsa chizindikiro chimodzi m'masiku awiri ndi maola ochepa. Palinso lagna, chizindikiro chimene chinkatuluka kum'mawa pa mphindi yobadwayo, chomwe chimasintha pafupifupi maola awiri alionse. Choncho wopenda nyenyezi asanalembe kundali, chithunzi cha thambo cha tsiku lako lobadwa, amafuna tsiku, ola, mphindi ndi malo. Ndiuzeni, abale anga, ndi angati mwa ife amene angayankhe mafunso amenewo? Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 tinaona agogo athu akuwerengera zaka zawo kuchokera pa njala ya 1949. Amayi anga ndikawafunsa ola limene ndinabadwa amati kunali kutangolira tambala woyamba, ndipo mvula inali itakata. Wa ku Ujjain uja akanangotseka buku lake n'kundipatsa madzi akumwa.

Chinthu chimodzi chinandikondweretsa. Thambo lawo amaligawanso m'magulu 27 a nyenyezi otchedwa nakshatra, ndipo m'nkhosamo muli Ashwini, Bharani ndi kachigawo koyamba ka Krittika. Gulu lililonse lili ndi maphatikizo ake oyambira dzina la mwana. A Mesha amayamba ndi Chu, Che, Cho, La, Li, Lu, Le, Lo kapena A. Ndiye kuti a Limbani, a Lonjezo ndi a Landirani onse a m'dziko muno akanapita ku Mumbai anthu akanawapatsa njira, poopa kugundidwa.

Tsiku limene dzuwa limalowa mu Mesha, lotchedwa Mesha Sankranti, si nkhani ya pafoni kumeneko. Ndi chaka chatsopano cha anthu mamiliyoni ambiri: Puthandu kwa Atamil, Pohela Boishakh ku Bengal, Vishu ku Kerala, ndi Vaisakhi ku Punjab, kumene limagwa nthawi yokolola tirigu ndiponso limakumbutsa Asikh za kukhazikitsidwa kwa gulu lawo la Khalsa mu 1699. Ngakhale Songkran ya ku Thailand, kumene anthu amathirana madzi m'misewu, inachokera pomwepo.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa. Kwa eni ake, Mangala si chikalata chokuloleza kuchita mwano. Ndi katundu. Pulanetili likapezeka m'malo ena a kundali, monga m'nyumba yachisanu ndi chiwiri, ya ukwati, munthuyo amatchedwa manglik, ndipo mabanja ambiri amaopa kumupatsa mwana wawo. Makolo amafananitsa makundali a anthu awiri ofuna kukwatirana pa mfundo 36, ndipo zikapanda kufika 18 ukwati umatha usanayambe. Ena amamangitsa kaye mtsikana ukwati ndi mtsuko kapena mtengo kuti tsokalo ligwere kumeneko. Kaya nkhoswe ya mtsukowo imakhala ndani, zimenezo n'zawo. Ena amasala kudya Lachiwiri lililonse, tsiku la Mangala, amapemphera kwa mulungu wawo Hanuman, amavala mphete ya mwala wofiira wa m'nyanja. Mwambo wa manglik wazunza atsikana ambiri opanda chifukwa, ndipo sindingaufunire mwana wa munthu. Koma taonani komwe maganizo awo aloza: ukauzidwa kuti uli ndi moto m'mutu, umafunafuna chouziziritsira. Suuika pamalonda.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa sukana kuti ena anabadwa oipa. Umangoti chabwino, wabadwa choncho, nanga uchitapo chiyani? Wamtima wapachala adziwe kupepesa. Wapakamwa adziwe kugwada. Koma ife Amalawi tinazolowera kufunafuna wosenza mlandu wathu. Bambo akamenya mkazi wake amati unali mowa. Msungichuma wa banki m'khonde akadya ndalama za gulu amati Satana anamuyesa. Mwana akalephera mayeso amati agogo a kumudzi anamutsekereza nzeru, ndipo agogo ena aphedwa kumene chifukwa cha bodza lotere. Mndandandawu unali wautali kale, tsopano tawonjezapo nkhosa. Ndi angati a ife amene tinamvapo munthu akunena poyera, pamaso pa akuluakulu, kuti "Ndalakwa ine, palibe wandituma"? Ine ndikadzamva mawu amenewo pabwalo ndidzagulira wonenayo fanta.

Mwina wina afunsa ngati mawerengedwe a ku India, popeza ndi ovuta chonchi, ndiye olondola. Ku India komweko anthu amakangana. Mu 2001 bungwe loyang'anira mayunivesite linalola kuti Jyotisha iziphunzitsidwa, asayansi anakwiya, nkhani inafika ku khoti lalikulu, ndipo mu 2004 khotilo linakana kuletsa maphunzirowo. Mu 2008 katswiri wa zakuthambo Jayant Narlikar ndi anzake, mumzinda wa Pune, anapereka makundali 40 kwa wopenda nyenyezi aliyense kuti asiyanitse ana anzeru kwambiri m'kalasi ndi ana obadwa ndi vuto la ubongo. Anayankha anali 27, ndipo zotsatira zawo sizinapose za munthu wongolota. Choncho ulemu wanga kwa iwo ndi wa khama lawo loyang'ana kumwamba ndi kuwerenga madigiri, osati wa ulosi.

Kuyang'ana kumwambako ndiye kumene ife tinasiya. Zolemba za Azungu zimati Aries ndi chizindikiro cha chiyambi chifukwa kwawo mu Marichi chisanu chimatha, mitengo n'kuyamba kuphuka. Kuno nthawi imeneyo mvula ikutsazika, chimanga chikuuma m'munda, tikunola zikwakwa. Komabe mwana wa ku Zomba amawerenga zimenezo n'kuvomera ndi mutu. Mufunseni akulozereni Nthanda, kapena Akamwiniatsatana, muone mmene angakuyang'anireni. Krittika uja, amene kachigawo kake kali kumapeto kwa nkhosa ya a ku India, ndi kagulu ka nyenyezi kamene makolo athu ankakatcha Nsangwe, ndipo dzinalo lilimo ngakhale m'buku la Yobu m'Baibulo lathu la Chichewa. Mu Meyi kamabisika m'kuwala kwa dzuwa. Wofuna kukaona adzuke m'bandakucha kumapeto kwa Juni kapena mu Julayi, avale juzi, ayang'ane kum'mawa chakumpoto. Sipafunika data, ndipo magetsi akakhala atazima, monga mwa nthawi zonse, kamaoneka bwino zedi.