Wapolisi tisamuyese ndi kuchuluka kwa omangidwa

Akonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndilankhulepo pa funso ili: kodi wapolisi wodziwa ntchito timamudziwa bwanji? Ambiri amati ndi uja amene aliyense amene wamugwira amakathera kundende, ndipo amene milandu yake imathetsedwa kukhoti ndi waulesi kapena wadya ziphuphu. Ine ndikuti muyeso umenewu pawokha ndi woopsa.

Taonani zimene zidachitika ku Tulia, tauni ya anthu pafupifupi 5,000 m'chigawo cha Texas ku America. Mu July 1999 anthu 46, ambiri mwa iwo akuda, adagwidwa powaganizira kuti amagulitsa mankhwala ozunguza bongo. Mboni yeniyeni idali imodzi yokha, wapolisi wachinsinsi dzina lake Tom Coleman. Padalibe chithunzi, padalibe mawu ojambulidwa, padalibenso mnzake woona naye. Komabe anthu 38 adapezeka olakwa, ndipo mlimi wina wa nkhumba adagamulidwa zaka 90. Coleman adalandira mphoto ya wapolisi wopambana.

Choonadi chidatulukira m'milandu yochepa imene idathetsedwa. Mayi wina adaonetsa umboni wa kubanki wakuti tsiku limene ankati amagulitsa mankhwalawo, iye adali kutali ku Oklahoma City. Mu 2003 bwanamkubwa Rick Perry adakhululukira anthu 35, ndipo mu 2005 khoti lidapeza Coleman wolakwa pa mlandu wonama atalumbira. Koma zaka zimene anthu aja adavutika m'ndende, ana awo akusowa owalera, adzabweza ndani?

Ife aphunzitsi timadziwa kuti ana onse a m'kalasi akalephera mayeso, mphunzitsi ayenera kufunsidwa. Komanso onse akakhoza ndi mayankho ofanana ndendende, timayamba kununkhiza kubera. N'chimodzimodzi ndi wapolisi. Milandu yake ikamathetsedwa kawirikawiri, akuluakulu afufuze chifukwa chake: kodi amagwira anthu popanda umboni, kapena mboni sizibwera kukhoti, kapena mapepala amasowa? Zifukwa zinazi si zake. Ndipo ikamapambana yonse chonsecho mboni ndi iye yekha, apo mpofunika kufufuza koposa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Choncho pempho langa kwa akuluakulu a polisi ndi a makhoti kuno kwathu ndi lakuti pakhale kaundula woonetsa wapolisi amene adagwira munthu, m'mene mlanduwo udathera, ndi chifukwa chake. Pokweza munthu pantchito aziyang'ana kulimba kwa umboni umene amabweretsa, osati mitu ya anthu imene wadzaza m'chitokosi. Wapolisi akadziwa kuti nyota zimabwera ndi chiwerengero, oyamba kugwidwa ndi amphawi osowa loya.

Inunso abusa ndi ansembe, mukudziwa kuti lamulo la pa Deuteronomo 19:15 silidalole kutsutsa munthu ndi mboni imodzi. Kumbutsani akhristu kuti kugwidwa si kulakwa, ndi kuti Malamulo a dziko lino, gawo 42, amati wogwidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Munthu akamasulidwa ndi khoti, tisamuloze chala m'mudzi ngati mbava yopulumuka.

Apolisi okhulupirika alipo ambiri, ndipo kaundula wotere adzayeretsa mbiri yawo.

Ine wanu,

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Dedza.