Si ulosi aise, adangophimba pakamwa ndi chikho

Loweruka lapitali ndidali kumudzi ku Muloza, ndipo masana ndidakhala pakhonde la kashopu kena kotchajitsa mafoni, m'mbali mwa msewu wopita kuchipata cha Milange. Akabaza ankadutsa ndi matumba a chimanga, ena atatu panjinga imodzi. Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa Fomu 3, adandiyandikizira foni kumaso.

"Malume, mwaionapo iyi? Anthu awa si abwino ayi. Amalosera chilichonse, ndi mpira womwe."

Kadali kavidiyo ka pa TikTok, ka makatuni achikasu aja a The Simpsons. Yemwe adakaponya adalemba pamwamba kuti katuniyu adatchuliratu matimu omwe adzakumane mu Super Bowl ya 1999. Anzake awiri omwe adali naye adavomereza msangamsanga kuti izi ndi za Illuminati basi, palibe kuchitira mwina.

Ndidamufunsa kuti Super Bowl n'chiyani. Adati ndi mpira. Mpira wanji? Kudali zii.

Sindikumuseka mwanayu. Ambiri a ife timagawana timavidiyo totere pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, tikumaseka kapena kuchita mantha ndi zinthu zomwe sitikudziwa mutu wake. Ndiye tiyeni tiyambe taiona bwino nkhaniyi.

Super Bowl ndi fainolo ya mpira wa ku America, uja wooneka ngati dzira, womwe osewera ake amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Imaseweredwa kamodzi pachaka, masiku ano mu February, ndipo ikamayamba kuno kumakhala kuli cha m'ma 1:30 usiku, tonse tili m'tulo. Gawo la The Simpsons lomwe mwanayu adandionetsa limatchedwa Sunday, Cruddy Sunday. Lidaonetsedwa pa 31 January 1999 pa kanema wa Fox, fainolo ya chakacho itangotha kumene. Nkhani yake njosavuta: Homer ndi anzake a kumowa akwera basi kupita ku Miami kukaonera mpirawo, afika pageti n'kuuzidwa kuti matikiti awo ndi achinyengo, ayesa kulowa mwankhondo, awatsekera.

Tsono ulosi uli pati? Katuni ngati ameneyu amatenga miyezi yambiri kujambula. Pomwe ankamujambula, palibe ankadziwa kuti mufainolo mudzakhala Denver Broncos ndi Atlanta Falcons. Ojambulawo adachita nzeru. Nthawi yotchula maina a matimu ikakwana, wolankhulayo amakweza chikho cha mowa n'kuphimba pakamwa. Milomo sioneka. Matimu atadziwika, adangojambula mawu n'kulowetsa pamenepo. Ndipo adachita dala kuti zionekere, kuti woonera aseke chinyengocho. Nthabwala yonse idali pachikhopo.

Patha zaka zoposa 25, nthabwalayo yayenda mpaka kufika pa Muloza, koma yafika itasanduka ulosi.

Kuli gawo linanso lomwe "aneneri" a pa TikTok amalikonda, la Lisa the Greek. Lidatuluka mu January 1992, kutatsala masiku ochepa kuti Washington ikumane ndi Buffalo Bills. Lisa adati ipambana Washington, ndipo idapambanadi. Chabwino. Koma matimu adali awiri okha, ndipo adali atadziwika kale. Ndi chimodzimodzi iwe kunena Lachisanu kuti Bullets ichinya Wanderers Lamlungu. Zikatheka, sitikutsegulira tchalitchi. Chaka chotsatira adalibwereza gawolo atasintha mawu n'kuikamo Dallas Cowboys, ndipo adateronso mu 1994. Buffalo idagonja mafainolo anayi otsatizana kuyambira 1991 mpaka 1994, ndiye kuibetchera kuti iluza sikudafune mizimu.

Ya Donald Trump nayo ndi yomweyo. N'zoona kuti mu 2000 katuniyu adatchula Trump ngati pulezidenti. Koma nthawi imeneyo mkuluyu n'kuti atayesapo kale kufuna kuimira chipani cha Reform Party, nkhani ili m'manyuzipepala onse kwawoko. Chithunzi chotchuka chija cha Trump ali pamasitepe oyenda okha adachijambula mu 2015, zinthuzo zitachitika kale. Masiku ano ndiye zafika poipa, chifukwa aliyense angauze AI kuti imujambulire munthu wachikasu, n'kulemba kuti "1997" pansi pake. Katuni yemwe wakhala akuonetsedwa kuyambira 1989, magawo oposa 750, gawo lililonse nthabwala mbwee zokhudza ndale, masewero ndi anthu otchuka, angalephere bwanji kugundako penapake?

Chomwe chikundivuta ine si bodza lokhalo. Mabodza pa intaneti ndiye ndi osawerengeka. Chikundivuta n'chakuti timagwa nalo chifukwa tikudya nthabwala za eni ake popanda ndiwo zake. Gawo la 1999 lija ndi lodzaza ndi zinthu zomwe Mmereka amazigwira asadaganize n'komwe. Muli Dan Marino ndi Troy Aikman, akatswiri a mpirawo. Muli John Madden ndi Pat Summerall, owulutsa mpira omwe mawu awo ankadziwika nyumba iliyonse. Homer ndi anzake atathawa m'chitokosi akulowa m'chipinda chapamwamba choonereramo mpira n'kuyamba kudya zamwini, mwini wake n'kutulukira: Rupert Murdoch, mwini wake wa Fox, kanema yemweyo woonetsa katuniyu. Murdoch adalankhula yekha mawuwo, akudzitchula kuti ndi mpondamatiki wankhanza. Tangoganizani sewero la pa wailesi ina kuno likunyoza mwini wailesiyo, iye n'kubwera kudzathandiza kudzinyoza. Pomaliza Bill Clinton akuimba foni kuyamikira opambana. Mwana wa mchemwali wanga zonsezi zidamudutsa pamwamba ngati ndege. Chomwe adatolapo ndi Illuminati.

Chidandiseketsa n'chakuti pakhonde paja padali bambo wina wachikulire, wokonza njinga, yemwe ankasuzumira nawo. Titafika pomwe mayi wina watsitsi lambiri akuwatsegulira Homer ndi anzake chitseko cha chitokosi ndi mankhwala ochotsera zodzola kumaso, bamboyo adafuula: "Ameneyo si Dolly Parton?" Adalidi iye. Anyamata a mafoni aja sadamudziwe, koma mkulu wokulira pa nyimbo za country za pa MBC adamuzindikira, ndipo ndi yekhayo adaseka pamalo oyenera kuseka.

Apa ndi pomwe ndimawapatsa ulemu anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Ambiri ophunzira amawanyoza, amati amanama, amaononga filimu. Inde amanama, ndipo nthawi zina amanama mochititsa manyazi. Koma lowani mu video show iliyonse pa Limbuli madzulo mumve momwe anthu akusekera. Womasulira wanzeru amadziwa kuti dzina la Dan Marino silingasuntse munthu pabenchi, ndiye amalichotsa n'kuikapo Gabadinho. Msilikali wa ku Vietnam amasanduka wa ku Phalombe, bwana wa zigawenga akukalipira anyamata ake ngati kapitawo wa kuesiteti ya tiyi. Ku Kenya kuli DJ Afro yemwe adatchuka ndi ntchito yomweyi. Akuchita zomwe adachita a Simpsons ndi chikho chija: kuphimba pakamwa n'kulowetsapo mawu ogwirizana ndi omwe akuonera. Kusiyana kwake n'kwakuti a Simpsons pakamwapo ndi pawo, pomwe anyamata athu akubwereka pakamwa pa eni, opanda chilolezo, ndipo ntchito yawo imathera m'mamemori khadi, kukopedwa ndi aliyense.

Wina anena kuti mpira wa ku America ukutikhudza chiyani ife. Ndidaganizanso choncho, mpaka Temwa Chawinga atapita ku Kansas City Current mu 2024 n'kumwetsa zigoli 20 m'ligi, kuphwanya mbiri ya Sam Kerr ya zigoli 18, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse chakacho. Mwa eni ake a timu imeneyi muli Patrick Mahomes ndi mkazi wake Brittany. Mahomes ndiye katswiri wa Kansas City Chiefs, yemwe wapambana Super Bowl katatu. Ndiye kuti mtsikana wa ku Rumphi akusewera m'timu ya mmodzi mwa anthu omwe makatuni a ku America amawaseka ndi kuwatamanda. Dziko lija silili kutali monga timaganizira. Funso langa ndi lakuti, tsiku lomwe Temwa adzajambulidwe ngati katuni, adzayambe kumujambula ndani, Mmalawi kapena Mmereka? Ndikuopa kuti yankho tikulidziwa, ndipo tidzagawana kavidiyoko monyadira, mwina n'kunenanso kuti adalosera.

Chonsecho zosekera tili nazo zodzaza nkhokwe. Gawo limodzi lokha la katuni wa pa Muloza lingalembeke lokha. Anyamata akwera lole kupita ku Blantyre kukaonera Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium. Wina wasintha ndalama kwa osintha ameticais n'kupusitsidwa. Wina wanyamula chinanazi choti akagulitse kuti apeze yolowera. Pa rodibuloko awatsitsa. Akafika apeza matikiti omwe adagula kwa dobadoba ndi a masewero a chaka chatha. M'lolemo muli mkulu wina yemwe nkhani iliyonse amaibweza ku chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe adachinya Morocco pa 25 January 2022, ngati kuti tidapambana, chonsecho tidagonja 2-1. Muli agogo olankhula Chilhomwe chomwe adzukulu awo sakumva, ndi mnyamata woyankha "obrigado" pa chilichonse chifukwa adakhalako miyezi iwiri ku Mocuba. Ndani wa kuno angafune womasulira kuti aseke zimenezi? Mmereka ndiye angafunike kufufuza pa Google, ndipo zingakhale bwino kuti nayenso alaweko.

Nthabwala zotere zimasunganso mbiri. Mwana wa ku America woonera gawo la 1999 lero amafunsa kuti Clinton adali ndani, Madden adali ndani, makolo n'kumufotokozera. Ife Izeki ndi Jakobo adatiseketsa zaka zambirimbiri, akunena za moyo wathu weniweni. John Nyanga adatisiya mu 2016, Eric Mabedi mu 2021. Yesani lero kufufuza masewero awo onse mwadongosolo, muone ngati muwapeze. Mupeza zidutswa zosaoneka bwino zomwe wina adakopa pa tepi yakale. Magawo a Homer ali pamalo amodzi, osungidwa bwino, pomwe ana obadwa m'ma 2010 kuno sadziwa kuti Izeki ankaoneka bwanji.

Sindikunama kuti kupanga katuni n'kophweka. Kumafuna makompyuta, magetsi osazimazima, ojambula, olemba, ndi wina wolipira anthu onsewa miyezi ingapo ndalama isadayambe kulowa. Ndipo ikatuluka, m'mawa mwake ili kale pa burning centre, akuigulitsa mtengo wa zitumbuwa, mwini wake osaona kanthu. Anyamata ndi atsikana angapo omwe akuyesa makatuni a Chichewa pa Facebook ndi YouTube akudziwa ululu umenewu kuposa ine. Koma anzathu a ku Zambia adayesa zidatheka. Malenga Mulendema adalemba Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a ku Lusaka, ndipo mu July 2023 idatuluka pa Netflix, atagwira ntchito ndi kampani ya Triggerfish ya ku South Africa. Lusaka si Los Angeles. Ndi kwa aneba pompa, komwe Chinyanja chimamveka mumsewu uliwonse.

Ndiye pempho langa likupita mbali ziwiri. Kwa makanema athu ndi makampani omwe amathira mamiliyoni m'mipikisano ya mpira ndi zoimbaimba: mphindi zisanu zokha pasabata za katuni wa Chichewa, wolipiridwa bwino, sizingakugwetseni. Ndipo mukatero musamuuze wolemba kuti aziphunzitsa anthu kusamba m'manja. Makatuni a mabungwe tawaona okwanira. Musiyeni aseke mafumu, aphungu, abusa, apolisi a pamsewu, ndi inu nomwe olipiranu, monga Murdoch adalolera kusekedwa.

Kwa iwe wa foni m'manja: bandulo ndi yako, sindingakuuze choonera, ndipo The Simpsons ndimaonera nanenso. Koma kavidiyo kakati "adalosera", usadakatumize kugulu la kutchalitchi kapena la kusukulu, tayamba wafufuza dzina la gawolo ndi chaka chomwe lidatuluka. Sizitenga mphindi ziwiri. Ngati wokaponyayo sadatchule dzina la gawo, dziwa kuti pali chomwe akubisa. Ndipo ukaona Mmalawi mnzako waponya katuni wake, ngakhale miyendo ikuyenda mokhota, muonere mpaka kumapeto, chifukwa manambala amenewo ndi omwe amakaonetsa kwa omwe angamulipire.

Mwana wa mchemwali wanga uja tidabwereza naye kavidiyoko katatu. Kachitatuko adachiona chikho chikukwera kukamwa, adaseka mpaka kutsamira khoma. Kenako adakhala chete pang'ono n'kundifunsa ngati pali pulogalamu ya pafoni yojambulira makatuni yosadya bandulo yambiri. Akuti akufuna ayambe ndi bambo wokonza njinga uja.