Makope khumi akagwirizana, sindiye kuti alondola

Sabata yatha ndikuchonga makope a Fomu 3, ndinapeza ambiri mwalembedwa v = u² + 2as. Ka 2 kokhala pamwamba pa v kanasowa. Nditafunsa, wina anati, "Koma sala, aliyense walemba choncho." Kufufuza bwino, onsewo anakopera kwa mnzawo mmodzi tsiku limene anajomba chifukwa cha mvula. Ndiye makope onse aja anali mboni imodzi basi.

Vutoli si la kuno ku Kabwazi kokha. Mu 1819 ku Vienna kunasindikizidwa nyimbo ya piyano ya Beethoven yotchedwa Hammerklavier. M'gawo loyamba muli malo amene mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati pakuyenera kulira A kapena A sharp. Pepala limene mwiniwake analemba pamanja linasowa, choncho sangabwerere kukaona. Nkhani yonse yagona pa kachizindikiro kamodzi, koma musakaderere: pa piyano ya masiku ano, waya wa A wapakati umanjenjemera ka 440 pa sekondi, pomwe wa A sharp ndi pafupifupi ka 466. Khutu limamva kusiyanako.

Za Chopin, yemwe anamwalira mu 1849, ndiye zinanyanya. Nyimbo zake zambiri zinkatuluka nthawi imodzi ku Paris, London ndi Leipzig, pofuna kutchinga anthu osindikiza mwakuba. Kwina kunkapita pepala lake, kwina lokopera mnzake Julian Fontana. Wokopera ankaphonya, wosindikiza ankaphonyanso, nthawi zina Chopin yemweyo ankasintha maganizo. Choncho si kusiyana kulikonse kumene kuli kulakwitsa.

Nanga okonza mabuku a nyimbozi amatani? Sawerenga kuti mabuku ambiri akuti chiyani. Amayamba afufuza kuti ndani anakopera kwa ndani. Mabuku awiri akalakwitsa mofanana pamalo amodzi, mwachidziwikire anachokera kumodzi. Kenako amayesa ngati cholembedwacho chikugwirizana ndi nyimbo yonse, n'kulemba poyera chimene asankha ndi chifukwa chake.

Inu a kwaya mukuzidziwa izi. Mu sol-fa, kachizindikiro kapansi pa s kakasowa, soh amakwera octave yathunthu, kutanthauza kuti frequency yake yawirikiza kawiri. A bass n'kumavutika ndi mawu amene wopeka sanalembe.

Wina anena kuti mabuku ndi ochepa, osakopera tiwerenga chiyani? Zoona, ndipo sindikuletsa kubwerekana manotsi. Chimene ndikukana ndi kukopera dzanja lokha, mutu uli kwina. Sindikunenanso kuti za pa bolodi ndiye zosalakwika. Inenso choko chimanditerereka.

Mwayi wathu ndi wakuti Physics imadziyesa yokha, pomwe Beethoven sangafunsidwenso. Onani mayunitsi. Mu fomula yolakwika ija, kumanzere kuli m/s, kumanja m²/s². Mbali ziwirizi sizingafanane, ngati kunena kuti utali wa mzere wa mbatata ndi maekala awiri. Aliyense wa ana aja akanatha kugwira cholakwikacho pa mphindi imodzi, opanda buku, opanda ine.

Madzulo ano tsegulani kope lanu, musankhe mafomula asanu amene munakopera kwa mnzanu. Yesani mayunitsi, kenako mufananize ndi buku la ku laibulale. Mukapeza kusiyana, musafufute msanga. Lembani zonse ziwiri, mubwere nazo m'kalasi tidzakambirane. Pa mayeso a MSCE, wochonga sadzafunsa kuti munakopera kwa ndani. Malikisi adzachoka kwa inu.