Sitima yodziwa kudikira ndiyo imafika

Tili ana ku Area 25 tinkakonda kusewera sitima. Tinkandanda, aliyense atagwira malaya a mnzake, wakutsogolo n'kumalira ngati injini. Za sitima sitinkachita kumva kwa ena, pakuti siteshoni ya Kanengo ili kufupi ndi kwathu. Koma masewerawo sankakhalitsa. Wakutsogolo akathamanga kwambiri, am'mbuyo ankagwa, malaya n'kung'ambika, ndipo nkhani inkakathera kwa amayi.

Patchuthi chapitachi ndidaseweranso sitima, koma pakompyuta. Ndikudziwa kuti makolo ambiri akangomva za masewera apakompyuta amapukusa mutu. Komabe ndiloleni ndiwaikire kumbuyo masewera awa okha, chifukwa adandiphunzitsa chinthu chimene ndinkachikana pomwe akuluakulu ankandiuza.

Tinkasewera anthu anayi kunyumba kwa amalume: ine, msuweni wanga, mnzathu wa ku Mgona ndi wina wa ku Kawale. Masewerawo dzina lake ndi OpenTTD. Ndi aulere, adayamba mu 2004 potengera masewera akale a Transport Tycoon Deluxe amene adapangidwa ndi Chris Sawyer, ndipo amatheka ngakhale pa laputopu yotopa kapena pafoni. Alipo ena monga SimRail, amene adatuluka mu 2023, momwe wina amayendetsa sitima pa njanji za ku Poland pomwe mnzake akutsegula ndi kutseka njira, koma amenewo ndi ogula ndipo amafuna kompyuta yamphamvu.

Mu OpenTTD osewera angathe kulowa m'kampani imodzi. Ndalama zimakhala zimodzi, ngongole imodzi, njanji imodzi. Mumayala njanji, kumanga masiteshoni, kugula injini ndi mabogi, kenaka n'kuuza sitima iliyonse kokatenga katundu ndi kokatula. M'mbali mwa njanji mumaika nyali. Ikayaka yofiira sitima imaima, chifukwa kutsogolo kuli inzake. Ikayaka yobiriwira imapitirira.

Tsiku lachitatu sitima yanga ya malasha idaima pa nyali yofiira. Ndidaona ngati ikuchedwa, ndipo ndinkafuna kuti anzanga aone kuti sitima yanga ndiyo ikubweretsa ndalama zambiri. M'masewerawa muli batani lokakamiza sitima kudutsa nyali yofiira. Ndidalidina osafunsa munthu. Patangopita kanthawi idawombana ndi sitima yonyamula anthu ya mnzathu wa ku Mgona, zonse ziwiri n'kupsa. Ntchito ya masiku atatu idathera pomwepo, ngongole ya kampani ili chikhalire.

Mnzathuyo sadakalipe. Adangoti, "Aise, bwanji sudandifunse? Si ndili pompano?" Mawu amenewo adandipweteka koposa kutukwanidwa. Ndalama zidali zabodza, koma manyazi adali enieni. Akuluakulu adati fulumira adadya gaga, ndipo tsiku limenelo gagayo ndidadyetsako ndi anzanga omwe.

M'mawa mwake tidakhala pansi n'kupangana malamulo atatu. Loyamba, tsiku lililonse pakhale mmodzi woyang'anira njanji yonse, ndipo tizisinthana. Lachiwiri, wina asaphwasule njanji kapena nyali imene adaika mnzake asadamuuze. Lachitatu, batani lija lisadinidwenso popanda chilolezo cha woyang'anira. Tsiku loyang'anira litandifikira, ndidaona kuti kulamula n'kovuta kuposa kumvera. Aliyense ankafuna kuti sitima yake idutse poyamba, ndipo ndinkayenera kukana ngakhale msuweni wanga amene ndimadya naye mbale imodzi.

Wina anganene kuti izi n'zachibwana chabe. Koma tiyeni tione njanji yathu yeniyeni. Yochokera ku Salima idafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, idapitirira mpaka ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 idalumikizidwa ndi Chipata ku Zambia. Katundu wochokera ku doko la Nacala amalowa m'dziko muno pa Nayuchi, kudzera pa Nkaya, Balaka ndi Salima asadafike ku Kanengo. Njanji imeneyi ndi ya mzere umodzi. Sitima ilibe chiwongolero choti n'kupatukira kumbali monga achitira minibasi. Ziwiri zikamayenda moyang'anizana, imodzi iyenera kulowa pamalo opatukira n'kuima mpaka inzake itadutsa. Woyendetsa sitima yoimayo sali waulesi kapena wamantha. Iyeyo ndiye akupulumutsa onse.

Dongosolo limeneli likasokonekera, zotsatira zake si zamasewera. Pa 28 February 2023, ku Tempi m'dziko la Greece, sitima ya anthu ndi ya katundu zidapezeka pa njanji imodzi moyang'anizana, ndipo anthu 57 adamwalira, ambiri mwa iwo achinyamata. Pakompyuta tidayambiranso m'mawa mwake. Kumeneko kudalibe kuyambiranso.

Tsono mfundo yanga ndi iyi. Masewera ambiri amatiuza kuti ngwazi ndi amene wathamanga kuposa anzake kapena wapha adani ambiri. Awa amanena zosiyana. Palibe amene angapambane yekha, ndipo cholakwa cha mmodzi chimalipiridwa ndi onse. Ife amene timakhala pamodzi kusukulu, kugona m'chipinda chimodzi, kudikirana pampopi ndi pamzere wa chakudya, tikudziwa kuti moyo wathu ndi njanji ya mzere umodzi. Belu likalira timang'ung'udza, monga ndidang'ung'udzira pa nyali yofiira ija. Sindinkaona kuti kuima kwanga ndiko kunkapatsa mnzanga njira.

Sindikubisa kuti nkhawa za makolo n'zoona. Masewerawa amaba nthawi. Tsiku lina tidayamba m'mawa, podzatsitsimuka dzuwa lapendeka, madzi osatunga, buku osaligwira n'komwe. Amalume atabwera kuntchito adatseka laputopu n'kunena kuti, "Ana inu, kodi mudabwera kudzapuma kapena kudzaola?" Sitidawayankhe, chifukwa ankanena zoona. Palinso nkhani ya ndalama za bandulo, ngakhale kuti osewera akakhala m'nyumba imodzi angathe kulumikizana pawokha popanda intaneti. Ndipo kompyuta singalowe m'malo mwa mpira, khasu kapena kucheza ndi agogo.

Koma mankhwala ake si kuletsa zonse mwachisawawa. Pempho langa kwa inu makolo ndi abambo otilera n'lakuti musangofunsa kuti, "Ukuseweranso?" Funsani kuti, "Ukusewera chiyani, ndi yani, kwa nthawi yaitali bwanji?" Khalani pansi mphindi khumi muone nokha. Mukapeza kuti n'zopanda pake, letsani. Mukapeza ana akupangana malamulo, kusinthana udindo ndi kupepesana, ikani malire a nthawi n'kuwasiya. Kwa inu anzanga ndikuti: ngati tikufuna kuti atikhulupirire, tiyambe ndife kutseka kompyuta nthawi ikakwana. Amene sangaime pa nyali yofiira ya makolo ake sadaphunzire kanthu pa njanji.

Amalume adatibwezera laputopu patapita masiku awiri, atatilola maola awiri patsiku, ntchito zapakhomo zikatha. Madzulo ena adaima kumbuyo kwanga n'kumaonerera. Ataona sitima yanga itaima patchire adafunsa, "Nanga iyi yafa?"

Ndidati, "Iyayi amalume, ikudikira inzake idutse."

Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Ukanamadikira chonchi pakhomo pano, bwenzi tikugwirizana kwambiri."