Mchere wa m'ndiwo: zimene kafukufuku wa ku China akutiuza

Palibe khomo limene limaphika popanda mchere. Mayi akaiwala kuthira, ndiwo zimabwerera m'mbale ngakhale zikhale za nkhuku, ndipo ambiri a ife timayamba tawaza kamchere kapambali tisanalawe n'komwe. Komatu m'midzi ndi m'matauni athu muno akuchuluka anthu amene dzulo lomweli anali kulima, lero agona pamphasa, mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapotoka. Zikatere timayamba kulozana zala, ndipo kawirikawiri chala chimagwera agogo osalakwa. Ofufuza za umoyo akuloza kwina, ku mphika wa ndiwo.

Mchere uli ndi chinthu chotchedwa sodium, chimene thupi limachifuna ndithu koma pang'ono chabe. Chikachuluka, thupi limasunga madzi ambiri m'mitsempha, magazi n'kumathamanga mwamphamvu, ndipo pakapita zaka mitsempha imalimba kapena kuphulika mu ubongo. Imeneyo ndiyo sitiroko. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuwerengera zakudya zonse kuyambira m'mawa mpaka usiku. Bungwe lomwelo likuti anthu pa dziko lapansi amadya kuposa kawiri muyeso umenewu, ndipo anthu pafupifupi 1.9 miliyoni amamwalira chaka ndi chaka pa chifukwa chimenechi.

Izi zakhala zikudziwika kwa nthawi yaitali. Chimene chinkasowa ndi umboni wooneka ndi maso wakuti kusintha mchere wa m'khitchini kungapulumutse moyo, osati kungotsitsa manambala a pa makina oyezera. Umboni umenewu unabwera m'chaka cha 2021, pamene gulu lotsogozedwa ndi Pulofesa Bruce Neal wa ku George Institute for Global Health linafalitsa zotsatira zake m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Anagwira ntchito m'midzi 600 ya kumpoto kwa China, ndi anthu 20,995. Onsewa anali oti anadwalapo kale sitiroko, kapena anali ndi zaka 60 kupita m'tsogolo ndipo magazi awo ankathamanga. Theka la midzi linapitiriza kuphikira mchere wanthawi zonse. Theka linalo linapatsidwa mchere wosakaniza: magawo atatu mchere wamba, gawo limodzi potassium chloride, amene amakoleretsa ngati mchere koma amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Patatha zaka pafupifupi zisanu, m'midzi ya mchere wosakaniza sitiroko inachepa ndi 14 peresenti, ndipo imfa za mtundu uliwonse zinachepa ndi 12 peresenti.

Tiyenera kuima pang'ono apa, chifukwa anthu aja sanauzidwe kusiya chakudya cha makolo awo, sanapatsidwe mapiritsi atsopano, ndiponso sanali anthu olemera a m'mizinda. Anali alimi okalamba amene amaphika okha panyumba. Chinasintha ndi paketi ya mchere yokha.

Kafukufuku wina wa ku China komweko, amene anatuluka m'chaka cha 2023 m'magazini ya Nature Medicine, anawonjezera mfundo imene ife tikuiona kuti ndi yowawa kuimva. M'nyumba 48 zosungiramo okalamba anayesa njira ziwiri. Kumene anaika mchere wosakaniza, kuthamanga kwa magazi kunatsika. Kumene anangoyesa kuchepetsa pang'onopang'ono mchere wopita kukhitchini, palibe chooneka chinasintha. Lilime lozolowera silimva malangizo msanga. Aliyense amene anayesapo kuletsa bambo a m'nyumba kuwaza mchere pa nyama yootcha akudziwa zimenezi popanda kuwerenga magazini.

Mu Januwale 2025 bungwe la WHO linatulutsa malangizo olimbikitsa akuluakulu kugwiritsa ntchito mchere wosakanizawu m'malo mwa mchere wamba. Linaika malire omveka bwino: malangizowa sakukhudza ana, amayi oyembekezera, ndi anthu odwala impso. Impso zofooka zimalephera kutulutsa potassium, ndipo akaunjikana m'magazi angathe kuimitsa mtima. Ngakhale m'kafukufuku wa 2021 uja anthu odwala impso kwambiri ndi omwa mankhwala ena osunga potassium m'thupi sanaloledwe kulowa nawo. Chenjezo limeneli n'lolemera kwambiri kwathu kuno, kumene anthu ochuluka sanayezetsepo impso chibadwire.

Nanga zikutikhudza bwanji? Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Nthenda imeneyi si ya mabwana onenepa okha monga tinkaganizira kale. Ndipo tikufanana ndi midzi ya ku China ija pa chinthu chimodzi chachikulu: mchere wambiri umene timadya timathira tokha pophika. Ku Britain kapena ku South Africa wochuluka umabisala m'zakudya za m'mafakitale, n'chifukwa chake boma la South Africa linaika lamulo, limene linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2016, lochepetsa mchere mu buledi, masoseji, supu wa m'mapaketi ndi zina zotero. Lamulo lotere lingatithandize pang'ono chabe, pakuti silingalowe m'khitchini ya mayi wa kumudzi.

Ngakhale zili choncho, mchere wobisika ukutipeza ndithu. Timiyala tokometsera ndiwo tija, tizokometsera ta m'mapaketi a soya pisesi, tchipisi cha pachiwaya, kamba amene timagulira ana popita kusukulu, nsomba zouma zothira mchere, zonsezi zimafika m'mimba zitanyamula kale sodium, ife n'kuthiranso wina pamwamba. Ngakhale soda wophikira therere ndi nkhwani ali ndi sodium, chinthu chimene ambiri sitichiganizira chifukwa salawika ngati mchere.

Pali zovuta ziwiri zimene sitingazilumphe. Choyamba ndi mtengo: mchere wosakaniza ndi wodula kuposa wamba, ndipo sungaupeze pa okala ya m'mudzi. Banja limene limagula mchere wa pakapu silingaufike pokhapokha boma ndi ogulitsa mchere atachitapo kanthu pa misonkho ndi kapezekedwe kake. Chachiwiri ndi ayodini. Dziko lino linalimbana ndi nthenda ya chithokomiro polamula kuti mchere wogulitsidwa ukhale wa ayodini, ndipo phindu lake laoneka. Mchere watsopano ulionse uyenera kukhalanso ndi ayodini, ndipo uthenga wochepetsa mchere usamveke ngati wobwezera anthu ku mchere wopanda ayodini.

Poyembekezera zimenezo, potassium yemweyo ali kale m'minda mwathu: m'nyemba, nandolo, mbatata, nthochi, mapeyala, bonongwe ndi chisoso. Munthu wa impso zabwino amene amadya zimenezi mokwanira, nasiya mchere wapambali ndi kuchepetsa timiyala tokometsera, wayamba kale kuyenda njira imene ofufuza aja anaiyesa. Lilime limazolowera pakapita masabata angapo, makamaka banja lonse likasinthira limodzi, osati kuphikira wodwala kamphika kake kapadera kamene amakakankhira kumbali. Ndipo amene timaphika m'miphika ikuluikulu pa maukwati ndi pa maliro, kumene mchere umathiridwa ndi dzanja lodzaza, tikumbukire kuti pakati pa odyawo pali okalamba ambiri amene sanayezetsepo magazi awo. Kuyezetsako kumatenga mphindi zochepa pa chipatala chaching'ono chilichonse chimene chili ndi makina ake.