Mdima wa ndiweyani: kalata yotseguka kwa Mkulu wa Nthambi Yoona za Nyama Zakutchire

Bwana Mkulu,

Ndikukulemberani ngati mlimi wa m'malire a nkhalango ya Kasungu, mmodzi mwa anthu amene chimanga chikayamba kukhwima timagona khutu limodzi lili kumunda. Nkhani yanga ndi ya tochi. Ingaoneke yochepa pamaso pa munthu amene tsiku lililonse akulimbana ndi milandu ya minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka, koma lezani nane mtima, chifukwa tochi imene ndikunenayi ndi yomangirira pamfuti.

Ndili mnyamata, malume anga anali mlenje. Ankavala nyali pachipumi n'kulowa m'thengo mudzi wonse utagona, ndipo chimene ankasakasaka ndi maso basi. Kuwala kukagunda maso a gwape kapena kalulu, masowo amanyezimira ngati makala a moto, nyamayo n'kuima njo itasokonezeka. Usiku wina anaona maso awiri m'mphepete mwa dambo, naombera. Atafika pamalopo anapeza mwana wa ng'ombe wa mnansi wathu, amene anali atasochera madzulo ake. Mlandu unatha ndi mbuzi ziwiri kwa amfumu. Koma chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi mmene malumewo anakhalira kutacha, ali duu pakhonde, manja akunjenjemera. Anali atamva kuti mwini ng'ombeyo anatuma mwana wake wamwamuna kukaifunafuna usiku womwewo, ndipo mwanayo anali m'dambo lomwelo. Mfuti ija anaigulitsa chaka chisanathe.

Makolo athu anautcha bwino mdima woterewu: wa ndiweyani. Ndi mdima woti munthu afunse kaye asanatukule dzanja. Alonda anu, amene kuno timangoti a gemu, amagwira ntchito mumdima umenewu, ali ndi mfuti m'manja.

Mukudziwa kuposa ine kuti m'chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kubwera kuno ku Kasungu, nkhalango imene m'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000 koma pofika 2015 zinali zitatsala zosakwana 50. Ine ndinali mmodzi mwa okondwa kuti nkhalango yathu yaukanso. Koma njovu sidziwa malire a munda kapena a dziko, ndipo anthu afa, kuno kwathu ndi kutsidya ku Zambia. Zikalowa m'minda usiku, mudzi wonse umatuluka: wina akuimba chitini, wina wanyamula muuni, ana akukuwa, agalu akuuwa, amayi akuthamangira kunkhokwe. A gemu akaitanidwa amafikira m'chipwirikiti chimenechi. Mawa lake mlonda yemweyo ali m'kati mwa nkhalango, kumene chinthu choyenda mu udzu chingakhale njati, mvuu yochokera kudamu la Lifupa, bambo wodzatchera mawaya, kapena gulu lonyamula mfuti yaikulu. Ali ndi kanthawi kochepa kwambiri kuti asiyanitse zonsezi. Ngozi ya m'tchire siyang'ana kuti munthu anaphunzira bwanji: msilikali wa ku Britain, Mathew Talbot, amene anabwera kudzathandiza alonda a ku Liwonde, anaphedwa ndi njovu mu Meyi 2019.

Choncho pempho langa loyamba ndi lakuti alonda athu apatsidwe maso a usiku. Zida zake zilipo, ndipo ndayesetsa kuzimvetsa ndisanakulembereni. Diso la munthu limaona kuwala mpaka pa mlingo wa ma nanometer 700 kapena kupitirira pang'ono. Kutsogolo kwake kuli kuwala kwina kotchedwa infrared, kumene ife sitikuona. Magalasi oonera usiku, monga aja a diso limodzi otchedwa PVS-14, amatola kuwala kochepa kwa nyenyezi ndi mwezi n'kukukuza kwambiri, ndiponso amaona infrared. Koma m'dzinja, mitambo itaphimba thambo, pansi pa mitengo ya msuku ndi mombo, kuwala koti magalasiwo atole kumakhala kulibe. Apa m'pamene pamafunika tochi ya infrared, imene kawirikawiri imawala pa ma nanometer 850 kapena 940. Wovala magalasi amaona njira ili mbee, pamene munthu woima pambali pake akungoona mdima. Makampani a ku America monga SureFire ndi Streamlight amapanga matochi omangirira pamfuti okhala ndi kuwala kuwiri konseku, koyera ndi kwa infrared, ndipo pa ena mwa matochiwa munthu amasankha popotokola mutu wa tochiyo.

Ndi chida chabwino, ndipo m'chifukwa chake ndikuchiopa.

Bwana, tochi ikamangiriridwa pamfuti imaloza kumene mfuti yaloza. Palibe njira ina. Mlonda akafuna kuona chimene chikuchita tswatswa mu tsekera, ayenera kutembenuzira mpope wa mfuti komweko. Ngati ndi mayi wotola nkhuni amene kwamudera, kapena mnyamata wolondera munda wa agogo ake, ndiye kuti mlondayo wamudziwa atamuloza kale ndi mfuti yodzaza zipolopolo, mtima ukugunda, chala chili pafupi ndi choombera. Phazi likapunthwa pachitsa, kapena mnzake akakuwa mwadzidzidzi kumbuyo, zatha. Lamulo limene aliyense wophunzira mfuti amauzidwa tsiku loyamba, loti asaloze mfuti chinthu chimene sakufuna kuchiwononga, tochi yapamfuti imaliphwanyitsa mwakachetechete nthawi iliyonse imene munthu aigwiritsa ntchito pofufuzira. Malume anga nyali yawo inali pachipumi, mfuti ili padera, komabe analakwitsa. Nanga kuwala ndi chipolopolo zikamayenda njira imodzi?

N'chifukwa chake ndikupempha kuti ngati nthambi yanu, kapena mabungwe amene mumagwira nawo ntchito monga African Parks ndi IFAW, adzagula matochi amenewa, asadzagule okha. Mlonda aliyense akhalenso ndi tochi ina yapachipewa kapena yam'manja, yoyendera ndi kufufuzira, kuti yapamfuti izidikira mpaka pamene zadziwika kuti kutsogoloko kuli munthu wa chida kapena chilombo cholusa. Izi zilembedwe m'malamulo a ntchito, ziphunzitsidwe usiku weniweni m'tchire lenileni, mobwerezabwereza mpaka dzanja lizolowere. Ngakhale kupotokola mutu wa tochi kuja kumafuna kuzolowera, pakuti wofuna infrared akayatsa kuwala koyera mwangozi, waulula pamene iye ndi anzake abisala.

Magalasi nawonso ali ndi malire amene ogulitsa satchula mokweza. PVS-14 imaonetsa kachigawo ka madigiri 40 okha, ngati munthu akusuzumira mu mpope, ndipo poonera diso limodzi n'kovuta kudziwa kuti dzenje kapena chitsa chili patali bwanji. Tochi ya infrared ikawalira udzu wautali wapafupi, kuwalako kumabwerera m'magalasi n'kubisa chimene chili kuseri kwa udzuwo. Utsi wa moto wolusa wa m'chilimwe umachitanso chimodzimodzi. Makina ena oona kutentha kwa thupi amapeza msanga chamoyo chobisala, koma nkhope sazindikiritsa. Munthu wovala zida zimenezi akhoza kudzimva kuti akuona zonse pamene akuona theka, ndipo kudzikhulupirira koteroko n'koopsa kuposa mantha a munthu wodziwa kuti ali mumdima.

Tisadzinamizenso kuti infrared ndi chinsinsi chathu tokha. Tengani rimoti ya wailesi yakanema, muiloze ku kamera ya foni, mudine batani: pa mafoni ambiri muona kakuwala kakuphethira, kamene diso lanu silinakaone. Tochi ya 850 imaonetsanso kadontho kofiira kwa munthu woyang'ana m'kamwa mwake. Ndipo aliyense wokhala ndi magalasi oonera usiku, ngakhale otchipa, amaona tochi ya mlonda ikuwala patali ngati moto wa paphiri. Ku South Africa, kumene zipembere 1,215 zinaphedwa m'chaka cha 2014 chokha, magulu opha nyama ali ndi ndalama zogulira zida zotere. Ifenso tili ndi zipembere ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo 17 mwa izo zinachokera ku South Africa komweko mu 2019. Tochi imodzi ndi magalasi amodzi zikasowa m'nkhokwe ya zida n'kugwera m'manja olakwika, mlonda wathu ndiye amene adzasanduke gwape. Chida chilichonse chikhale ndi nambala, chisainidwe potuluka ndi pobwerera, monga zimachitikira ndi mfuti.

Walira mvula walira matope. Matochi ambiri a mtundu umenewu amadya mabatire a CR123A, amene simungawapeze m'golosale ya kwa Chulu kapena pa Linyangwa. Magalasi amodzi abwino amagulidwa madola masauzande angapo, ndipo apamwamba a ku America satuluka m'dzikomo popanda chilolezo cha boma lawo. Mfuti zakale zambiri zilibe kanjanji komangirirapo tochi. Tochi ya infrared yopanda magalasi ndi chitsulo chongolemeretsa mfuti. Ngati ndalama sizikukwanira zonse, ndi bwino kuveka timagulu tiwiri mokwanira, ndi mabatire a chaka chonse, kusiyana ndi kumwaza zidutswa m'makampu onse kuti zikajambulidwe tsiku lolandira.

Koma mtima wa kalata yanga uli pa ife a m'midzi. M'kati mwa nkhalango, mlonda aone popanda kuonedwa, ndikuvomereza. Akafika m'minda mwathu, ndikupempha kuti ayatse kuwala koyera ndipo alankhule. Taganizani bambo amene wagona m'chisakasa kumunda, nkhwangwa ili pambali. Wamva mapazi a anthu, sakuona tochi, sakumva mawu. Iye aganiza kuti ndi akuba chimanga. Akadzambatuka ndi nkhwangwayo, mlonda wa magalasi aona munthu wa chida akuthamangira kwa iye. Onse awiri ndi osalakwa, onse awiri akuchita mantha, koma mmodzi yekha ndiye akuona mnzake. Mawu atatu okha, oti "Ndife a gemu," ndi kuwala koonetsa yunifolomu, zikhoza kuletsa maliro pamenepo.

Ngakhale wolakwa weniweni, wotchera mawaya uja, malo ake ndi kukhoti. Sindikumuikira kumbuyo, ndinaonapo mbawala yofera mu waya itawola, ndipo ku Liwonde misampha yochotsedwa chiyambire 2015 ndi masauzande ambirimbiri. Lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu, ndipo tinaliona likugwira ntchito mu 2021 pamene Lin Yunhua anagamulidwa zaka 14. Munthu wogwidwa wamoyo amatchula amene anamutuma ndi amene amagula. Mlonda woona bwino usiku akhoza kudikira, kuwerenga kuti anthuwo ndi angati, kuona amene wanyamula mfuti ndi amene wanyamula thumba chabe, kuitana anzake, n'kuwazinga popanda kuomba. Ngati zida zimenezi zidzabwera, muziziyesa ndi mlingo umenewu: kodi ogwidwa amoyo achuluka, ndipo zipolopolo zoombedwa usiku zachepa?

Ndikupemphanso kuti zidazi zisanayambe kugwira ntchito m'dera lililonse, muitane mafumu ndi makomiti a m'midzi yozungulira, muwaonetse, muwalole avale magalasiwo ndi kuona okha. Anthu amaopa chimene amangochimva m'mphekesera, ndipo mphekesera yoti a gemu tsopano amaona mumdima ngati kadzidzi ikhoza kutipatula ndi anthu amene timawafuna njovu zikalowa m'munda.

Mukadzakhala ndi mpata, Bwana, bwerani kuno mwezi wa Malichi, chimanga chili mondokwa, usiku wopanda mwezi. Ndidzakutengerani kuchisakasa changa, tidzazimitse matochi, tidzakhale chete ola limodzi. Chikadzachita tswa kumapeto kwa mzere, mudzandiuze ngati ndi njovu, nguluwe, kapena mdzukulu wanga wobweretsa tiyi.

Ine wanu,
Mlimi wa m'malire a nkhalango ya Kasungu